Msuzi Wonona wa Masamba: Chakudya cha Mwana wa Miyezi 6 Kufika Zaka 2

Amayi,

M'midzi yambiri ya kuno ku Mwanza, mwana akayamba kudya nsima, mayi amatema kanthongo, nakaviika m'msuzi wa ndiwo ndi kumpatsa mwanayo. Masamba enieniwo amatsala m'mbale ya akuluakulu. Mukafunsa chifukwa chake, ena amati mwana alibe mano ndipo masamba angamtsamwe, ena amati masamba amatsegula m'mimba. Mantha a kutsamwa ndi oona, pakuti nkhwani wosadzula mwaulesi angathe kuvuta ngakhale munthu wamkulu. Komatu msuzi umene mwana akulandirawo ndi madzi a mchere chabe. Chakudya chenicheni chili m'tsamba, ndipo tsambalo ladyedwa ndi bambo.

Kabuku kano kakufotokozerani njira yophikira masamba kuti onse asanduke msuzi wosalala ndi wonona, woti mwana wopanda dzino ndi limodzi lomwe ameze bwino.

Kodi msuzi umenewu ndi wotani?

M'masitolo ena akuluakulu a ku Blantyre mumapezeka ndiwo yobiriwira yooneka ngati kamtengo kakang'ono, yotchedwa burokoli. Ndiwo imeneyi inachokera ku Italy. Anthu a ku Ulaya amaiwiritsa pamodzi ndi anyezi ndi mbatata ya kachewere, amaipera ndi makina mpaka isalale ngati phala, kenaka amathiramo mafuta a mkaka kuti inone. Uwu ndiwo amautcha supu wa burokoli, ndipo amadya ana ndi akulu omwe.

Musadandaule kuti burokoli sapezeka pa msika wa kwanu, kapena kuti mtengo wake ndi wokwera. Burokoli ndi mbale wake wa kabichi, ndipo repu ndi mpiru zimene mumalima ku dimba ndi za banja lomwelo. Nkhwani, bonongwe ndi chisoso sizichepera pa burokoli m'pang'ono pomwe. Chimene tiyenera kutengera kwa anthu a ku Ulayawo ndi nzeru imodzi yokha: sataya tsamba, satayanso madzi ophikira, koma zonse amaziphatikiza kukhala chinthu chimodzi. M'malo mwa makina ife tili ndi mtondo ndi sefa. M'malo mwa mafuta a mkaka tili ndi nsinjiro, imene makolo athu akhala akutendera ndiwo kuyambira kale.

Chifukwa chake mwana afunika msuzi wolimbirako

Kwa miyezi 6 yoyamba mwana safuna china chilichonse koma bere lokha, ngakhale madzi amene. Akakwanitsa miyezi 6 bere lokha silimkwaniranso, ngakhale kuti ayenera kupitiriza kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kupyolapo. Apa ndi pamene ana ambiri amayambira kubwerera m'mbuyo. Inu nomwe mukayang'ana m'kabuku ka sikelo ka ana ambiri, muona kuti mzere umakwera bwino mwana akadali pa bere lokha, koma umayamba kugona pamene wayamba phala.

Chimachitika n'chiyani? Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Ngakhale wa chaka chimodzi salowetsa chakudya choposa kapu imodzi pa nthawi imodzi. Tsono kapuyo mukaidzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, kapena ndi msuzi wa madzi okhaokha, mwana akhuta ndithu, agonanso tulo, koma thupi lake silinalandire kanthu. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, ana 37 anali opinimbira, ndiye kuti afupi kusiyana ndi msinkhu wao. Kupinimbira kumeneku kumayamba makamaka mwana asanakwane zaka 2, ndipo pambuyo pake n'kovuta kukukonza.

Masamba obiriwira kwambiri ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda monga chikuku ndi kutsegula m'mimba. Alinso ndi ayironi wothandiza kupanga magazi. Koma dziwani ichi: vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Masamba ongowiritsa m'madzi ndi mchere amadutsa m'mimba mwa mwana osasiya zambiri. Nsinjiro ili ndi mafuta, ilinso ndi zokulitsa thupi, chotero ikakumana ndi masamba m'mphika umodzi ziwirizi zimathandizana. Mwa magulu 6 a zakudya amene mumaphunzira ku sikelo, msuzi umenewu umakupatsani atatu pa mbale imodzi: zamasamba, zanyemba ndi zokhutitsa. Mukadonthezamo mafuta ndi kusinjiramo usipa, afika asanu.

Kusankha masamba

M'nyengo ya dzinja simusowa: nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, chitambe ndi kholowa. M'chilimwe dalirani mpiru, repu ndi tchayinizi za ku dimba. Sankhani masamba anthete, obiriwira kwambiri. Kabichi woyera wa m'kati ndi wochepa mphamvu. Ngati muli ndi kabichi yekha, tengani masamba akunja obiriwira aja amene ambiri amaponyera mbuzi.

Chigwada ndi ndiwo yabwino, koma musayambire icho. Masamba a chinangwa ali ndi ululu umene umatha pokhapokha atasinjidwa bwino ndi kuphikidwa nthawi yaitali, pamene msuzi tikunenawu ufuna masamba opsa msanga.

Ife ogwira ntchito yoyendera misika timaona zinthu zimene wogula saziona. Masamba amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku chipata cha Zobue, pamene magalimoto akuluakulu a ku Tete amadutsa usana wonse ndi kuwaza fumbi. Wogulitsa amawaza madzi kuti ndiwo zisafote, koma madziwo simudziwa kumene anatunga. Enanso amathyola repu atangopopera kumene mankhwala ophera nsabwe za m'masamba. Sitikunena kuti muleke kugula pa msika. Koma gulani zoikidwa pa benchi, funsani tsiku limene anapopera, ndipo mukamva fungo la mankhwala zisiyeni. Kuposa zonse, kabedi kamodzi ka mpiru kuseri kwa nyumba, kothiriridwa ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo, kangathe kudyetsa mwana chilimwe chonse.

Tsukani masamba asanadulidwe, tsamba limodzilimodzi, m'madzi aukhondo, ndipo sinthani madziwo kawiri. Mukayamba mwadula ndi kutsuka pambuyo, mphamvu ina imatsalira m'beseni. Musawayanike padzuwa kuti afote monga ena amachitira ndi kholowa.

Za mtedza

Pano tichedwepo pang'ono. Mtedza wosungidwa ponyowa umachita chuku, ndipo chuku chimenechi chimasiya poizoni amene saoneka ndi maso. Moto samupha poizoni ameneyu, ngakhale mutakazinga kapena kuwiritsa tsiku lonse. Amaononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo madokotala amamganizira kuti amalepheretsanso ana kukula bwino.

Vuto ndi lakuti m'nyumba zambiri mtedza wabwino umapita ku msika kapena kusungidwa ngati mbewu, ndipo wofwifwa, wonyala ndi woboola anankafumbwe ndiwo umasinjidwa kukhala nsinjiro, poganiza kuti ukasinjika suonekanso. Umenewo ndiwo woopsa. Yalani mtedza m'lichero, tolani wonse wakuda, wonyala, wosweka kale ndi wowawa, ndi kuutaya kumene nkhuku sizifika. Musaviike makoko m'madzi pofuna kusenda mosavuta. Nsinjiro yogula yosinjasinja simudziwa mtedza wake. Sinjani nokha pang'ono wokwanira masiku atatu kapena anayi, sefani, ndi kusunga m'chitini chouma chotsekeka.

Tsiku loyamba kumpatsa mwana nsinjiro, yambani ndi pang'ono. Ana ena ochepa thupi lao siligwirizana ndi mtedza. Mukaona zidzolo zotuluka mwadzidzidzi, kutupa kwa milomo kapena nkhope, kusanza kapena kubanika, lekani ndipo thamangirani ku chipatala. Mtedza wathunthu musampatse mwana wamng'ono, ungamtsamwe.

Kaphikidwe kake

Musanagwire chilichonse sambani m'manja ndi sopo, pa madzi othira osati a m'beseni limene asambamo ena. Kolera amene anabuka m'dziko muno mu 2022 ndi kupitirira mu 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo njira yake yaikulu inali madzi, manja ndi chakudya. Madzi a pa chitsime chosatetezedwa kapena a mu mtsinje athireni klorini kapena awiritseni.

Pa msuzi wokwanira mwana mmodzi ndi kutsalako woti mayi alawe, mufunika masamba odzaza manja awiri, mbatata imodzi ya kachewere yosakula kwambiri, phwetekere mmodzi, kachidutswa ka anyezi, nsinjiro masupuni aakulu awiri, ndi madzi kapu imodzi ndi theka. Ngati kachewere palibe, ikani chibanthu cha dzungu kapena mbatata ya kholowa yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere kapena Kaphulira. Zimenezi zimaposa kachewere pa vitamini A, ndipo ana amazikonda chifukwa cha kutsekemera. Ntchito ya mbatata ndi kulimbitsa msuzi kuti ugwirane.

Sendani mbatata ndi kuidula timagawo ting'onoting'ono. Ikani m'mphika pamodzi ndi anyezi, phwetekere ndi madzi aja, vundikirani, ndipo zibwate kwa mphindi 10. Sungunulani nsinjiro m'timadzi pang'ono kuti isachite mibulu, thirani m'mphika, takasani, ndi kusiya ibwate mphindi zina 10 pa moto wochepa. Nsinjiro imapserera msanga, chotero musapite kutali.

Tsopano ikani masamba amene mwasadzula ndi kudula bwino. Vundikirani, ndipo apse kwa mphindi 5 kufika 7, mpaka afewe koma akadali obiriwira.

Mwina mwadabwa kuti masamba alowa pomalizira, pamene potendera ndiwo za banja mumayamba masamba ndi kutsiriza nsinjiro. Chifukwa chake n'chakuti nsinjiro yaiwisi ifuna nthawi kuti ipse, pamene tsamba likakhalitsa pa moto limataya vitamini C ndi zina zoteteza thupi. Mukaona masamba asanduka a mtundu wa khaki, dziwani kuti mwapyoza.

Soda ndi chidulo zisalowe m'mphika umenewu. Tidziwa kuti zimafewetsa ndiwo msanga ndi kupulumutsa nkhuni, zimasunganso kubiriwira kwa tsamba. Koma kubiriwira kumeneko n'konyenga, pakuti soda amaononga mavitamini ena a m'tsambamo. Kufewetsa ndi ntchito ya munsi, osati ya soda.

Phulani mphika. Musakhuthule madzi ndi dontho lomwe. Pali njira ziwiri zosalalitsira. Yoyamba ndiyo kuthira zonse m'sefa yoyera pamwamba pa mbale ndi kukanikiza ndi msana wa supuni kufikira zitadutsa. Zotsalira pamwamba zikhale mitsitsi yokha. Yachiwiri ndiyo kuvuula masamba ndi mbatata, kuzisinja m'kamtondo kakang'ono, ndi kuzibwezera m'madzi ao. Ngati mwatsata njira ya mtondo, bwezerani mphikawo pa moto ubwatenso mphindi ziwiri. Mtondo ndi mtengo, uli ndi ming'alu yosunga zotsalira za dzulo, ndipo kawirikawiri umagona panja pamene nkhuku, agalu ndi mbuzi zimaununkhiza. Utsukeni ndi madzi otentha, ndipo ngati n'kotheka pakhale kamtondo ka mwana yekha kosungidwa m'nyumba.

Yesani kulimba kwake motere: tapani ndi supuni ndi kuipendeketsa. Msuzi wabwino umakangamira pa supuni ndi kugwa mochedwa. Ukayenderera ngati tiyi, wachuluka madzi. Nyenyeranimo mbatata ina yakupsa kapena uphatikizeni ndi phala lolimba la mgaiwa.

Mwana wosakwana chaka safuna mchere. Akapyola chaka ikani pang'ono chabe, ndipo ukhale mchere wa m'paketi wokhala ndi ayodini. Tsabola ndi timibulu tokometsera ndiwo ta m'sitolo musaike. Timibuluto tili ndi mchere wambiri.

Zoonjezera

Msuzi umenewu sukana mnzake. Tsiku lina sinjani usipa, matemba kapena kapenta wouma pamodzi ndi mitu yake, sefani, ndi kuthira supuni imodzi nthawi imodzi ndi nsinjiro. Tsiku lina swerani dzira m'mphika ndi kutakasa mpaka lipse ndithu. Zoti mwana akadya dzira adzachedwa kulankhula kapena adzadwala khunyu si zoona. Nandolo amene timalima kwambiri kuno, akapsa ndi kuchotsedwa makoko, amanyenyeka bwino m'msuziwu. Mtedza ukasowa, thirani supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, kapena nyenyeranimo peyala mutaphula kale, kapena mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi wowiritsa.

M'miyezi ya October ndi November, madimba atauma ndipo mvula isanagwe, tsegulani chikwatu. Mfutso wosinjidwa ndi kusefedwa ukhala ufa, ndipo supuni imodzi ya ufa umenewu ilowa m'malo mwa masamba aawisi. Pofutsa chaka chino yanikani pa mthunzi podutsa mphepo, pa thandala, osati padzuwa. Wouma pa mthunzi umasunga mphamvu zambiri.

Boma lathu lino limadziwika m'dziko lonse ndi manachesi. M'miyezi yozizira amadzaza madengu m'mbali mwa msewu ndi kupita ku Blantyre, pamene ana a eni mitengo sanalawe. Mwana akatha kudya msuzi wake, mpatseni nachesi wochotsa njere ndi timakoko ta m'kati, kapena mfinyireni madzi ake m'kapu yoyera. Chipatso chowawasa chimathandiza ayironi wa m'masamba kulowa m'magazi. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi, amatsekereza ayironi, chotero si chakumwa cha mwana wamng'ono.

Kadyetsedwe

Mwana wa miyezi 6 kufika 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyamba ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu ndi kuonjezera pang'onopang'ono kufikira theka la kapu. Wa miyezi 9 kufika 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse. Wa chaka kufika zaka 2 adye katatu kapena kanayi, pafupifupi kapu yodzaza, ndi tina totolatola monga nthochi pakati pake. Bere lipitirire usana ndi usiku. Msuziwu ungadyedwe paokha, ungasakanizidwe ndi phala la mgaiwa kapena Likuni Phala, ungakhalenso ndiwo ya nsima yofewa.

Musasefe mpaka kalekale. Pofika miyezi 9 ingonyenyani ndi supuni kuti mwana aphunzire kutafuna, ndipo akakwana chaka adye ndiwo zotendera za banja lonse zodulidwa bwino.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Akamadya m'mbale imodzi ndi akulu ake, iye amatola kamodzi pamene anzake atola kasanu, ndipo inu simudziwa chimene chalowa m'mimba mwake. Mkhazikeni pamiyendo, mutu uli chilili, ndi kumdyetsa ndi supuni. Chizolowezi chomgoneka chagada, kumtsina mphuno ndi kumthira phala ndi chikhato chilekeke. Chakudya chingalowe m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo, ndipo ana ena amafa nacho pomwepo.

Tsiku loyamba angathe kukwinya nkhope ndi kulavula. Si kuti wakana, koma lilime lake lazolowera kutsekemera kwa bere. Yesaninso mawa ndi mkuja. Ana ena amalandira chakudya chatsopano atachilawa kakhumi. Yambani ndi nkhwani ndi dzungu, zimene siziwawa, mpiru ndi luni zibwere pambuyo. Mukaona chimbudzi chake chabiriwira musaope, ndi mtundu wa masamba chabe. Kutsegula m'mimba ndi pamene achita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi manja, madzi, ntchentche kapena chakudya chogona, osati tsamba. Mwana wodwala musamleketse kudya. Mpatseni pang'onopang'ono kawirikawiri, muyamwitseni koposa, mpatseni thanzi ORS ngati akutsegula, ndipo akachira muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri.

Msuzi wotendera sugona

Nsinjiro, mkaka ndi dzira zimasasa msanga, makamaka m'nyengo yotentha. Phikani wokwanira nthawi imodzi. Wotsala uvundikireni, ndipo ukapyola maola awiri musampatse mwana musanaubwatitsenso mpaka utuluke nthunzi ponseponse. Wotsala m'mbale imene mwana wadyeramo usabwerere m'mphika. Wa dzulo utayeni.

Amayi ambiri a kuno amalawirira ku geni pa chipata, ku msika wa pa boma kapena wa ku Thambani, mwana ali kumbuyo, ndi kubwerako dzuwa litapendeka. Ngati ndi choncho, mdyetseni msuzi wake m'mawa musananyamuke, ndipo pa ulendo tengani zosasasa msanga monga nthochi, nachesi ndi mbatata yootcha yosasenda. Msuzi wina mudzaphike madzulo. Ngati mwana atsala ndi agogo kapena mlezi, asiyireni nsinjiro yoyeza kale ndi masamba otsuka, ndi kuwaonetsa kamodzi kaphikidwe kake, makamaka za soda.

Ku sikelo

Pitani ndi mwana ku sikelo mwezi uliwonse kufikira atakwana zaka 5, kaya ku chipatala chachikulu cha Mwanza, ku Kunenekude, ku Thambani, ku Tulonkhondo kapena ku sikelo ya m'mudzi. Msuzi wa masamba sulowa m'malo mwa kambulu ka vitamini A kamene mwana amalandira miyezi 6 iliyonse kuyambira pamene wakwana miyezi 6; zonse ziwiri n'zofunika. Akamuyeza, pemphani mlangizi wa zaumoyo akuonetseni mzere wa m'kabuku. Ngati sunakwere kwa miyezi iwiri yotsatizana, muuzeni zonse zimene mwana amadya ndi kangati pa tsiku, osabisa.

Koma mukaona mapazi onse awiri atupa, ndipo mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, kapena tsitsi lafiira ndi kunyonyoka, kapena mwana wafooka ndipo akukana kudya ndi kuyamwa komwe, musadikire tsiku la sikelo ndipo musayambe mwaphika. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, mutatenga kabuku kake.